Funsani Abusa: Za digiri yachiwiri, guwa ndi njinga

Mwezi uno makalata ambiri abwera ndi nkhani imodzi, ya sukulu. Mwina ndi nyengoyi, poti masukulu a ukachenjede ayamba kuitana ofuna malo. Mwinanso kwanuko kwafika mbusa wovala gauni yofiira ndiye anzake mitima yayamba kuthamanga. Ndatolapo makalata 6. Ena ndawafupikitsa kuti akwane pa tsamba, eni ake musandikwiyire.

FUNSO: Abusa, ndine mbusa wa zaka 38. Ndatumikira zaka 9 pa mpingo wa kumudzi umene uli ndi nyumba zopemphereramo 11. Ndili ndi digiri yoyamba ya zaumulungu. Anzanga awiri amene tinadzozedwa tsiku limodzi anakachita masitazi. Lero wina akuphunzitsa ku koleji, wina ali pa mpingo wa m'tauni. Ine ndikadali kupalasa njinga. Mtima ukundiuza kuti nanenso ndipite. Ndiyambire pati, ndipo ndikaphunzire kuti? Mbusa wa ku Dedza

YANKHO: Abusa anzanga, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mwanena za anzanu awiri, mwanena za njinga, koma chimene mukufuna kukadziwa kusukuluko simudachitchule. Sikuti ndikukunyozani ayi, inenso ndidanyamuka chimodzimodzi. Kungoti funso limeneli mukakumana nalo tsiku loyamba lenileni, ndiye bola mulimve kwa ine kwaulere kusiyana n'kukalimva kwa pulofesa mutalipira kale fizi.

Pa dipuloma ndi pa digiri yoyamba, nsima imabwera yopakulapakula: Chipangano Chakale, Chipangano Chatsopano, mbiri ya mpingo, chiphunzitso, kalalikidwe. Inu mumangosamba m'manja. Pa digiri yachiwiri, masitazi ija, amakupatsani khasu n'kukulozerani tchire. Ngakhale chaka choyamba chitakhala cha makalasi, kumapeto kuli kafukufuku, ndipo kafukufuku amafuna funso limodzi, laling'ono, lakuthwa, loti munthu n'kuliyankha ndi umboni m'zaka ziwiri.

Ine ndidapita ku yunivesite ina ya ku South Africa ndili ndi zaka 41. Mutu umene ndidanyamula udali wakuti "Udindo wa mpingo pa chitukuko cha Malawi". Ndidaulembera masamba 8, osagona masiku atatu, ndikudziona ngati ndapha njovu. Mphunzitsi wonditsogolera adali nkhalamba yoyankhula motsitsa. Adawerenga ine ndili pompo, kenaka adandikankhira mapepala aja nati, "Ulaliki wabwino uwu. Lamulungu mukaulalike. Lolemba mubwere ndi funso." Kunja kudali chisanu cha mu Julaye koma ine ndidatuluka malaya atanyowa.

Funso lidandipeza patatha milungu itatu. Ndinkawerenga mabuku otanthauzira buku la Rute, n'kupeza kuti akatswiri a ku Ulaya ndi ku America akuvutika ndi vesi 8 ya mutu woyamba, pamene Naomi akuuza Rute ndi Olipa kuti aliyense abwerere kunyumba kwa amake. Bwanji kwa amake? Pajatu pa Genesis 38:11 Yuda adauza Tamara, mkazi wamasiyenso, kuti akakhale kunyumba kwa atate wake. Masamba ndi masamba akukambirana zimenezi. Pamenepo ndidakumbukira tsiku lina ndili pa mpingo wanga woyamba, titawerenga ndime yomweyo ndi amayi a chigwirizano pansi pa mtengo wa mango, tchalitchi akulizira. Pa vesi imeneyi palibe mayi adaima. Nditafunsa, gogo wina amene magalasi ake adali omanga ndi ulusi adandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. "Nanga abusa, mkazi banja likatha amapita kwa yani? Si kwa amake?" Chimene chidawaimitsa iwo chidali china. Adati ana aamuna a Naomi aja adali ngati akamwini ku Mowabu, ndipo zimene Naomi adayankhulazo ndiye kusudzula kwenikweni. Tsono munthu wasudzulidwa, kwawo n'komweko, amake ali moyo, iye n'kumatsatira apongozi kudziko la eni, chitengwa chopanda mwamuna? Adakangana ola lathunthu. Ena ankati Rute adali wachikondi, ena ankati kwawoko kudali chimene ankathawa.

Lolemba lotsatira ndidapita ndi funso ili: amayi a m'midzi ya chikamwini akawerenga Rute amaonamo chiyani chimene mabuku aja saona, nanga amalowetsamo chiyani chimene m'nkhaniyo mulibe? Mbali yachiwiriyo ndi yofunika, chifukwa Aisraeli sadali a chikamwini, ndipo mwambo wathu ukhoza kutitsegula maso pena, kutiphimba pena. Nkhalamba ija idangogwedeza mutu n'kunditumiza kukawerenga za ntchito ya a Gerald West ndi anzawo a ku Ujamaa Centre ku Pietermaritzburg, amene akhala zaka zambiri akuwerenga Baibulo pamodzi ndi anthu wamba.

Ndafotokoza zonsezi kuti muone chimene muli nacho. Nyumba zopemphereramo 11 ndi laibulale imene anzanu a m'tauni alibe. M'zaka 9 mwaweruza milandu ingati ku sesheni yokhudza maliro ndi kusudzula? Mwabatiza angati ochokera ku Gule Wamkulu, ndipo patatha zaka zitatu ali kuti? Ndi akhristu angati amene Lamulungu amadya mgonero kwa inu koma Lachitatu usiku ali kwa mneneri kuseri kwa phiri, ndipo amakafunako chiyani chimene kwa inu sachipeza? Nanga agogo amene akuwanamizira ufiti? Tengani kope, mulembe zinthu zisanu zimene zakusowetsani tulo pa utumiki wanu. Chimene chikhalebe chikukuyabwani pakatha mwezi, ndi chimenecho.

Tsono za kopita. Kuno kwathu, University of Malawi ku Zomba, imene ambiri timaitchulabe Chanco, ndi Mzuzu University zili ndi madipatimenti a zaumulungu ndi zipembedzo amene akhala akutulutsa anthu a masitazi ndi a PhD. Zambiri zimene ophunzira ndi aphunzitsi a kumeneko adafufuza zidasindikizidwa ndi Kachere ku Zomba ndi Mzuni Press ku Mzuzu. Yambani mwawerenga zimenezo, mungakalime munda wolimalima. Palinso masukulu a mipingo: Zomba Theological, imene idatsegulidwa mu 1977, University of Livingstonia ku Ekwendeni, Nkhoma University, African Bible College ndi Malawi Assemblies of God University ku Lilongwe, Catholic University ku Nguludi. Lemberani iliyonse imene yakukopani, mufunse kuti pa mlingo wa masitazi ili ndi chiyani chaka chino ndiponso ngati pulogalamuyo ndi yovomerezedwa. Ku Lusaka kuli sukulu ya Justo Mwale, kumene mukamva Chinyanja pamsika ngati muli kwanu.

Abusa ambiri a kuno adadzera ku South Africa: Stellenbosch, Pretoria, Free State ku Bloemfontein, KwaZulu-Natal, kapena UNISA pophunzira ali kunyumba. Kumeneko mapepala anu ayenera kudzera kaye ku bungwe la SAQA kuti liwayese, ndipo digiri ya zaka zitatu kawirikawiri sikulowetsani ku masitazi mwachindunji. Amayamba akupatsani chaka cha honours kapena cha postgraduate diploma. Chiwerengereni chaka chimenecho m'thumba mwanu. Ngati funso lanu ndi la mbiri, dziwani kuti mapepala adamwazikana: ena ali ku National Archives ku Zomba, ambiri a mishoni ya Nkhoma ali ku Stellenbosch ndipo ochuluka ndi a m'Chiafrikaans, a Blantyre ndi Livingstonia ambiri ali ku Edinburgh.

Maganizo anga ndi akuti ngati anthu amene mukufuna kuwafunsa ali ku Dedza, phunzirani pafupi ndi Dedza. Ndipo musasankhe dzina la sukulu, sankhani munthu wokutsogolerani. Werengani chimene adalemba, mufunse amene adadzera m'manja mwake ngati amabweza ntchito pa nthawi yake. Mphunzitsi wosunga chaputala chanu miyezi 6 amakudyerani fizi ya chaka.

Musazembe. Uzani sesheni, presibiteriyo ndi sinodi zinthu zisanapse, chilolezo chikhale cholembedwa. Pomaliza, za m'tauni zija: digiri sichotsa munthu pa njinga. John Chilembwe adapita ku America mu 1897, adaphunzira ku Lynchburg ku Virginia, ndipo pobwera mu 1900 adakakhazikika ku Mbombwe ku Chiradzulu, kumudzi. Ngati chimene chakutopetsani ndi mtunda ndi malipiro, ndi dandaulo lomveka, koma lipite ku ofesi ya sinodi ndi dzina lake lenileni, lisavale gauni.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna akufuna kukapitiriza maphunziro a Baibulo, koma abusa athu anamuuza kuti sukulu zoterezi zimapha Mzimu. Anawerenga mawu akuti chilembo chipha, n'kunenanso kuti Petro ndi Yohane anali osaphunzira. Ine ndili ndi mantha kuti mwana angakataye chikhulupiriro. Mayi wa ku Ndirande

YANKHO: Mayi, tsegulani 2 Akorinto mutu 3 muwerenge kuyambira vesi 1 mpaka 11, osati vesi 6 yokha. Muona kuti Paulo akunena za malamulo olembedwa pa magome a miyala m'masiku a Mose, akuwayerekeza ndi pangano latsopano. Za sukulu mulibemo. Ndipo kuti munthu aone zimenezi, wachita kale chimene sukulu ya Baibulo imaphunzitsa chaka choyamba: kuwerenga vesi pamodzi ndi anansi ake. Petro ndi Yohane pa Machitidwe 4:13 adalidi anthu wamba, koma vesi yomweyo ikuti anthu adawazindikira kuti adakhala ndi Yesu. Adayenda ndi Mphunzitsi usana ndi usiku. Imeneyo si sukulu yochepa. Paulo adaphunzira pa mapazi a Gamaliyeli, ndipo pa 2 Timoteo 4:13, ali m'ndende, imfa ili pakhomo, akupempha kuti amubweretsere chofunda ndi mabuku.

Komabe abusa anuwo sindiwataya, pali chimene adaona. Mwana wanu akakumana ndi zinthu zimene pa guwa sitizitchula kawirikawiri. Akamva kuti Marko 16:9-20 mulibe m'mipukutu iwiri yakale kwambiri ya Chigiriki, Sinaiticus ndi Vaticanus, ya m'zaka za m'ma 300. Akamvanso zofanana ndi zimenezi pa nkhani ya mkazi wogwidwa m'chigololo ya pa Yohane 7:53 mpaka 8:11. Akamva akatswiri akutsutsana za amene adalemba mabuku ena. Mnyamata amene adakula akuganiza kuti Baibulo lidatsika kumwamba lili ndi chikuto chakuda amagwedezeka, ndipo ena amabwerako akuseka anthu a kwawo. Mankhwala ake si kumubisira. Zimenezi azipezabe pa YouTube, zonenedwa ndi anthu ofuna kumugwetsa. Bola akazimve kwa mphunzitsi amene amazidziwa bwino koma Lamulungu amagwada. Chimene inu mungachite n'kuonetsetsa kuti kusukuluko ali ndi mpingo umene akusonkhana nawo, akuphunzitsa Sande sukulu kapena kuyendera odwala, ndipo ali ndi munthu wamkulu womuuza zimene zikumusautsa.

Kuzizira kumene abusa anu akuopa ine ndidakulawa. Nditangobwera kusukulu kudagwa maliro a mnyamata wa kwaya, ndipo ndidalalikira pa Yohane 11. Ndidafotokoza kuti mawu a Chigiriki a pa vesi 33 ali ndi mkwiyo mkati mwake, osati chisoni chokha, zimene ndi zoona. Ndidafotokoza za miyambo ya maliro ya Ayuda. Mphindi 40. Tikuchoka kumanda, mkulu wa mpingo wina wokalamba adayenda nane pang'ono, chipewa chili m'manja, nati, "Abusa, lero mwatiphunzitsa ndithu. Koma anamfedwa aja akudikirabe wowatonthoza." Mabuku sadalakwe. Ndidalakwa ndine, amene ndidafuna kuti mudzi udziwe kuti ndabwerako.

FUNSO: Ndili ndi Buku Lopatulika, Buku Loyera ndi Mabaibulo anayi a Chingerezi pafoni. Kodi Chigiriki ndi Chihebri n'zofunikabe? Ndikufuna kuchita masitazi koma zilankhulozi zinandivuta ku koleji. Mlaliki wa ku Kasungu

YANKHO: Zitengera khomo limene mukulowera, achimwene. Mukasankha Chipangano Chatsopano, Chigiriki simuchithawa. Mukasankha Chakale, Chihebri chikudikirani. Mukasankha za utumiki wa ubusa, za mishoni kapena mbiri ya mpingo, masukulu ambiri sakakamiza. Kumeneko akuvutitsani ndi zina: kafunsidwe ka mafunso, chilolezo cha anthu amene mukuwafunsa, kusunga chinsinsi chawo.

Koma ndikupatseni chitsanzo cha chimene mungataye. 3 Yohane vesi 2 ndi vesi imene yamangitsa nyumba zambiri za alaliki, chifukwa muli mawu akuti "ulemere". Liwu la Chigiriki pamenepo lidapangidwa ndi tizidutswa tiwiri, kena kotanthauza "bwino", kena "njira". Ndi liwu lomwelo limene Paulo akugwiritsa ntchito pa Aroma 1:10 popempha kuti njira yake yopita ku Roma itseguke. Kwathu kuno tikadati "zikuyendereni bwino". Ndiponso lili pa malonje a kalata, monga momwe makalata a nthawi imeneyo ankayambira, ngati ife tikamalemba kuti "ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana". Tsono taganizani munthu atatenga malonje a kalata ya amalume ake n'kupita nawo kubanki. Mabaibulo anayi a Chingerezi aja akhoza kukuonetsani kuti omasulira asiyana, koma chifukwa chimene asiyanirana sangakuuzeni.

China. Buku Lopatulika, limene lidamalizidwa mu 1922 motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Nkhoma pamodzi ndi Amalawi amene ankamuthandiza, limatchula dzina la Mulungu kuti Yehova. Buku Loyera la mu 1998 limati Chauta. Pakati pa awiriwa Akatolika adatulutsa Malembo Oyera mu 1966. M'Chihebri dzinalo ndi zilembo zinayi zimene Ayuda adaleka kuzitchula, n'kumati "Ambuye" m'malo mwake. Omasulira a Buku Loyera adasankha dzina limene makolo athu ankaitanira Mulungu wa mvula, ndipo mpaka lero alipo akhristu amene dzinali limawakhala pakhosi. Adakhoza kapena adalakwa? Kuti muyankhe mwanzeru muyenera kudziwa Chihebri ndi Chichewa chakuya, zonse ziwiri. Anthu otere ndi ochepa, ndipo ntchito yomasulira m'Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitumbuka ndi zilankhulo zina imafuna anthu a mtundu umenewu.

Zidakuvutani ku koleji mwina chifukwa munkaloweza usiku wa mayeso. Chilankhulo chimafuna mphindi 30 tsiku lililonse, m'mawa musanatsegule WhatsApp, kwa chaka. Yambani ndi 1 Yohane, Chigiriki chake n'chofewa. Chenjezo limodzi: mukachidziwa pang'ono, musamachitulutse pa guwa. Mmisiri sabweretsa mpando kwa mwini wake macheka ali pamwamba.

FUNSO: Ndalandira uthenga pa WhatsApp kuti sukulu ina ya ku America yandisankha kuti indipatse udokotala wa zaumulungu chifukwa cha utumiki wanga. Akuti ndilipire madola 800 a gauni ndi satifiketi, mwambo udzachitikira mu hotela ku Lilongwe. Kodi ndi zoona? Bishopu wa ku Mchinji

YANKHO: Abishopu, satifiketi mudzalandiradi, gauni mudzavaladi, zithunzi zidzakongola. Koma dzifunseni kuti sukulu imene sidakuonenipo idadziwa bwanji za utumiki wanu, nanga ulemu wolipira ndi ulemu wanji. Chikomekome cha mkuyu.

Udokotala uli pawiri. Wa ulemu amapereka ndi yunivesite yodziwika kwa munthu amene ntchito yake yaoneka, ndipo salipiritsa. Wa PhD umatenga zaka zitatu kapena kuposa pamwamba pa masitazi, ndipo chimene mwalemba chimayesedwa ndi akatswiri a kunja kwa sukulu yanu amene alibe nanu chibale. Kuno kwathu bungwe loona za masukulu a ukachenjede ndi National Council for Higher Education, NCHE. Limatulutsa mndandanda wa masukulu olembetsedwa ndi mapulogalamu ovomerezedwa, ndipo ziwirizi n'zosiyana: sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pulogalamu ina isanavomerezedwe. Pepala la kunja mukhoza kukafunsa komweko ngati lili ndi mphamvu. Funsani musanatumize ndalama. Madola 800 amenewo akhoza kulipirira mlaliki wanu mmodzi maphunziro enieni, kapena kukulembetsani inuyo ku TEEM ya ku Zomba, imene imaphunzitsa zaumulungu anthu ali kwawo.

FUNSO: Amuna anga ndi abusa ndipo apeza malo ku South Africa, zaka ziwiri. Tili ndi ana anayi, wamkulu ali Fomu 3. Nyumba tikukhalayi ndi ya mpingo. Iwo ndi osangalala ndipo akuti Mulungu adzapereka. Ine ndikafunsa za chakudya ndi fizi amati ndilibe chikhulupiriro. Nditani? Mayi busa

YANKHO: Mayi, mafunso anuwo ndi a munthu wa chikhulupiriro. Pa Luka 14:28 Ambuye yemwe adati womanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Kalata yanuyi yandikhudza pamalo pamene sipadapole, ndiye ndiyankha ngati wolakwa.

Pamene ine ndinkapita, ndidawasiya amayi a kunyumba ndi ana atatu m'nyumba ya mpingo, pa mawu a pakamwa akuti "musadandaule, tiwasamala". Anthu amene adanena mawuwo ankanena zoona za mumtima mwawo. Koma patatha miyezi 5 mpingo udalandira mbusa wina, ndipo mbusa amafuna nyumba. Amayi adasamukira m'kanyumba ka zipinda ziwiri pa tredingi senta, katundu pa ngolo, mabuku anga m'matumba a feteleza. Ine ndidazimva patatha milungu itatu, pa kalata ya papositi, ndili mu laibulale yofunda. Zaka ziwiri zimenezo ana adaphunzira ndi ndalama ya zitumbuwa zimene mayi awo ankagulitsa pa geti la sukulu. Pa tsamba loyamba la kafukufuku wanga ndidawathokoza ndi mizere iwiri. Mpaka lero akaiona amangoseka.

Ndiye inu khalani pansi ndi abusa, muitane mkulu wa mpingo mmodzi amene nonse mumamukhulupirira, ngakhalenso ankhoswe ngati nkhani yauma. Mayankho a zinthu izi alembedwe: mukhala m'nyumbayo mpaka liti, malipiro apitirira onse, theka, kapena aima, akulipira ndani, mpingo kapena sinodi, thandizo la sukulu limene apezalo likukwanira chiyani. Kawirikawiri thandizo lotere limaona wophunzira yekha, banja ayi. Chitupa chophunzirira ku South Africa chimafunanso kuti munthu akhale ndi inshuwalansi ya chipatala ya komweko, ndipo imeneyo ndi ndalama ya padera. Afunsenso ngati sukuluyo ilola kuti azipita milungu ingapo pa chaka, nthawi yotsalayo azilemba ali kuno. Masukulu angapo amalola zimenezi, makamaka pa digiri ya kafukufuku yekhayekha. Zimachedwerapo, koma mwana wa Fomu 3 uja adzalemba mayeso a Fomu 4 bambo ake ali pakhomo.

Kwa abusawo, poti ndikudziwa kuti magaziniyi ifika m'manja mwawo: achimwene, 1 Timoteo 5:8 muiwerenge m'chilankhulo chilichonse chimene mungakonde, imanena chimodzimodzi. Walira mvula walira matope, koma matopewo asapondedwe ndi mayi okha.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa Bible Knowledge pa CDSS ina, mtsikana wa zaka 29, ndipo sindikufuna kukhala mbusa. Kodi munthu ngati ine angachite masitazi ya zaumulungu? Anzanga akuti ndi za abusa zokha. Mphunzitsi wa ku Mulanje

YANKHO: Mwana wanga, anzakowo akunamiza. Yunivesite imafunsa digiri yoyamba ndi magiredi ake, sifunsa kolala. Mmodzi mwa akatswiri a zaumulungu odziwika kwambiri ochokera kuno ndi mayi Isabel Apawo Phiri. Adachita PhD ku University of Cape Town pofufuza za amayi a Chichewa ndi mpingo, adaphunzitsa ku Chanco ndi ku KwaZulu-Natal, ndipo adakatumikira mu utsogoleri wa World Council of Churches ku Geneva. Adatsogoleraponso Circle of Concerned African Women Theologians, gulu limene mayi Mercy Amba Oduyoye a ku Ghana adaliyambitsa mu 1989 kuti amayi a mu Africa azifufuza ndi kulemba okha za chikhulupiriro chawo. Funafuna zolemba za gulu limeneli, uona kuti suli wekha.

Ndipo iwe uli ndi mwayi umene abusafe tilibe. Ana a Fomu 2 amakufunsa zimene sangayerekeze kufunsa munthu wovala kolala. M'kalasi mwako muli ana a CCAP, a Katolika, a Seventh-day, a Pentekosite, mwinanso Asilamu, onse pa ndime imodzi. Temu ikubwerayi uzilemba mafunso awo m'kope, wopanda maina, monga momwe awafunsira. Ikatha temu sankhapo limodzi, ulembe tsamba limodzi lofotokoza chifukwa chake likukuvuta kuyankha, unditumizire kudzera kwa akonzi a magazini ino. Cholembera changa chofiira chidakalipo.